Mungadziwe bwanji kuti m'tchire muli ngaka pomwe simunaione?

Kuno ku Mchinji kulibe chipululu, ndipo m'Malawi monse mulibe. Akatswiri a zanyengo amati dera ndi chipululu ngati limalandira mvula yosakwana mamilimita 250 pa chaka, pomwe ife timalandira yochuluka kuposa pamenepo katatu kapena kanayi. Koma mvula yathu yonseyo imagwa m'miyezi yochepa. Kuchokera mu Meyi mpaka chakumapeto kwa Okutobala kumwamba kumakhala kuli mbee, udzu umauma, timitsinje timaphwa, ndipo pomwe padutsa moto pamatsala lupsa lokhalokha. M'miyezi imeneyi nyama ya m'tchire lathu imakumana ndi mafunso omwewo amene nyama ya ku Kalahari imakumana nawo: madzi ndiwapeza kuti, dzuwa ndilithawira kuti, ndidya chiyani?

Nyengo yomweyi ndiyo yabwino kuyenda m'tchire kukafufuza nyama, chifukwa udzu ndi waufupi ndipo fumbi limasunga mapazi. Lero ndikufuna tikambirane funso limene limavutitsa asayansi a zanyama tsiku ndi tsiku. Mukayenda tsiku lonse osaiona nyama inayake, kodi ndiye kuti kulibe? Chitsanzo changa chikhala ngaka, chifukwa ndi yosowa, ndi yovuta kuiona, ndiponso dzina la boma lathu limamveka kawirikawiri pa nkhani za anthu omangidwa atapezeka nayo.

Malo amene tili nawo pafupi

Tisanapite kutali, tidziwe koyenda. Pafupi kwambiri pali nkhalango yotetezedwa ya Mchinji, ya m'mapiri aja amene timawaona tili pa boma. Boma linaiteteza mu 1924 ndipo ndi yaikulu mahekitala oposa 19,000. Ndi nkhalango ya miombo, ndipo mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a kuno. Kumpoto kwathu kuli paki ya Kasungu, ya makilomita 2,316 m'bwalo lake lonse, yachiwiri kukula m'Malawi pambuyo pa Nyika. Mukaoloka pa chipata cha Mwami n'kudutsa Chipata, msewu umakufikitsani ku Mfuwe, pa khomo la paki ya South Luangwa. Kumeneko ndi kumene Norman Carr anatchukitsa zoyenda pansi poona nyama, m'malo mongokhala m'galimoto. Kulinso mtundu wa nyamalikiti wotchedwa Thornicroft, umene supezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'chigwa cha Luangwa chokha.

Nyama sizidziwa malire a mayiko. N'chifukwa chake mu 2015 Malawi ndi Zambia anasainirana pangano losamalira limodzi malo otetezedwa a m'malire, kuphatikizapo Kasungu ndi mnansi wake Lukusuzi wa ku Zambia.

Ngaka ndi nyama yotani?

Padziko lonse ngaka zimapezeka mu Africa ndi ku Asia kokha. Ya kwathu kuno asayansi amaitcha Smutsia temminckii. Thupi lake ndi lokutidwa ndi mamba, ndipo mambawo ndi opangidwa ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo ndi tsitsi lanu. Ilibe mano ndi limodzi lomwe. Imadya nyerere ndi chiswe basi, ndipo imazitola ndi lilime lalitali lomata. Poyenda imadalira miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itaipinda m'mwamba, mchira ukuthandiza kuti isagwe chamutu. Ikaopsezedwa imadzipinda n'kukhala ngati mpira.

Taonani tsopano zifukwa zimene zimaichititsa kukhala yovuta kuiona. Imayenda yokha, osati m'gulu. Imatuluka makamaka usiku. Masana imagona m'una, ndipo nthawi zambiri si una wokumba yokha koma wosiyidwa ndi nungu kapena nkumbakumba, nyama ija ya makutu aatali ndi mphuno ngati ya nkhumba imene pa Chingerezi amati aardvark. Ngaka silira mokweza ngati fisi kuti mungaimve muli kumudzi. Siipitanso kudziwe tsiku lililonse ngati njovu kuti mukaidikire kumeneko. Pamwamba pa zonsezi, imabereka mwana mmodzi yekha, ndipo sipitirira kamodzi pa chaka. Zikachepa, kuti zichulukenso pamatenga zaka zambiri.

Ndiye mlenje wodziwa akhoza kuyenda m'nkhalango imodzi zaka khumi osakumana nayo maso ndi maso, chonsecho iyo ili momwemo.

Masamu a kusaona

Apa ndi pomwe phunziro la probability lija limagwira ntchito yeniyeni. Manambala amene ndikugwiritsa ntchitowa ndi ongoyerekeza kuti tione njira yake.

Tiyerekeze kuti nyama ilipodi m'dera lanu, ndipo mwayi woti muione pa usiku umodzi ndi 1 mwa 10, kapena kuti 0.1. Mwayi woiphonya usiku umodzi ndi 0.9. Woiphonya mausiku awiri otsatizana ndi 0.9 × 0.9, yankho lake 0.81. Mukafufuza sabata yathunthu, mumachulukitsa 0.9 kasanu ndi kawiri, n'kupeza pafupifupi 0.48. Tanthauzo lake n'lakuti magulu 100 a ophunzira atati afufuze sabata imodzi, magulu 48 abwerako akunena kuti sanaone kanthu, nyama ili pomwepo. Mukafufuza mausiku 30, mwayi woiphonya umatsika kufika pa 0.04. Pamenepo tsopano mukhoza kuyamba kulankhula molimba mtima.

Nanga nyama yobisala kwambiri, imene mwayi woiona pa usiku umodzi ndi 1 mwa 50? Mwayi woiphonya ndi 0.98. Pakatha mausiku 30 umakhala udakali 0.55, kuposa theka. Kuti utsike kufika pa 0.05 pamafunika mausiku pafupifupi 150. Tengani kakyuleta muyese nokha, musangondikhulupirira.

N'chifukwa chake ofufuza amagwiritsa ntchito makamera otchera, amene amamangidwa pa mtengo ndipo amajambula okha pakadutsa chinthu chofunda. Makamera 10 akakhala m'tchire mausiku 15, ndiye kuti mwapeza mausiku 150 aja m'masabata awiri okha. Ndipo wasayansi woona salemba kuti "kulibe ngaka". Amalemba kuti "sitinaipeze titafufuza mausiku akutiakuti, ndi njira yakutiyakuti". Mawu awiriwa akumveka ofanana eti? Koma ndi osiyana kutalitali. Oyambawo akhoza kuchititsa kuti nkhalango iperekedwe kwa odula mitengo poganiza kuti mulibe choteteza.

Kuona zambiri kumanamizanso

Pali msampha wina wa mbali inayo. M'chilimwe nyama zomwa madzi tsiku ndi tsiku zimasonkhana pa madzi ochepa otsala. Munthu amene wakhala pa damu la Lifupa ku Kasungu mu Okutobala n'kuona njovu zambiri nthawi imodzi akhoza kuganiza kuti paki yonse yadzaza njovu, pomwe mwina waona gawo lalikulu la zonse zimene zilipo.

Mbiri ya pakiyi ikutiphunzitsa kufunika kowerenga molondola. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000. Pofika mu 2015 zinatsala pafupifupi 50 chifukwa cha opha nyama mozembera lamulo. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu. Chiwerengero chakwera, inde, koma anthu a m'midzi yoyandikana ndi pakiyi, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, aonongeredwa minda ndipo ena aphedwa ndi njovu. Kudziwa kuti nyama zilipo zingati komanso zikuyenda kuti si nkhani ya m'buku chabe. Kumakhudza nkhokwe za anthu ndi miyoyo yawo.

Nthaka imalemba zonse

Popeza nyama yosowa sitiiona, timawerenga zimene yasiya. Ambiri a inu luso limeneli muli nalo kale. Amene munakumbako mbewa mumadziwa kusiyanitsa una wokhalamo ndi wosiyidwa: wina uli ndi dothi latsopano ndi timapazi, wina watsekedwa ndi kangaude. Imeneyo ndi sayansi. Mwaona chizindikiro, mwaganiza tanthauzo lake, kenako mwayesa ngati ganizo lanu ndi loona.

Louis Liebenberg wa ku South Africa anayenda zaka zambiri ndi alenje a mtundu wa San ku Kalahari, ndipo mu 1990 anatulutsa buku lonena kuti kulondola mapazi a nyama ndiko chiyambi cha kaganizidwe ka sayansi. Pambuyo pake anathandiza kupanga pulogalamu ya CyberTracker, yogwiritsa ntchito zithunzi m'malo mwa mawu, kuti mlenje wosadziwa kulemba azitha kusunga zimene waona ofufuza n'kuzigwiritsa ntchito.

Ine ndikatenga ophunzira a kalabu ya zachilengedwe kupita m'mphepete mwa nkhalango, limodzi ndi wogwira ntchito ku Dipatimenti ya Zankhalango, timanyamuka kusanache bwino. Chifukwa chake ndi kuwala. Dzuwa likakhala m'munsi, kadzenje kalikonse ka phazi kamakhala ndi mthunzi ndipo kamaoneka bwino. Likafika paliwombo mthunziwo umatha, mapazi n'kuzimirira ngakhale mwawaimirira. Muziima moti phazilo likhale pakati pa inu ndi dzuwa.

Nazi zina zimene timayang'ana.

Zikhadabo. Galu, nkhandwe ndi fisi zimasiya zizindikiro za zikhadabo kutsogolo kwa zala. Mphaka ndi nyalugwe zimabweza zikhadabo mkati poyenda, ndiye sizioneka.

Msinkhu wa phazi. Latsopano limakhala ndi m'mbali mwakuthwa. Mphepo ikaomba m'mbalimo mumagumuka. Ngati pamwamba pa phazi padutsa mzere wa tizilombo toyenda usiku, ndiye kuti nyamayo inadutsa kale tizilomboto tisanadutse.

Ndowe. Za fisi zikauma zimayera ngati choko chifukwa cha calcium wa m'mafupa amene amatafuna. Gwape amasiya timibulu ting'onoting'ono pamulu. Chombwe amabwerera malo amodzimodzi, ndipo pamulu pake mumapeza njere za zipatso ndi timphete ta bongololo.

Za ngaka. Popeza imayenda ndi miyendo yakumbuyo, imasiya mapazi ozungulirako ndipo apo ndi apo mzere wa mchira kapena wa m'mphepete mwa mamba. Pomwe yadya pamakhala timaenje tosazama pa zisa za nyerere, kusiyana ndi nkumbakumba imene imaboola chulu ndi dzenje lalikulu.

Ulendo wathu wina wa mu Okutobala tinayenda maola anayi. Nyama zimene tinaona ndi maso zinali anyani ndi nkhwali basi. Koma m'kope tinalemba minga itatu ya nungu, milu iwiri ya gwape, pomwe nguluwe zinafukula mizu m'mphepete mwa dambo, ndi una umodzi waukulu wokhala ndi dothi latsopano pakhomo. Tinalembanso mauvuni awiri a makala ndi msampha umodzi wa waya. Zimenezinso ndi zofunika kulemba, chifukwa zimafotokoza chimene chikuchitikira nyamazo. Mtsikana wina wa Fomu 2 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye m'unamu muli ngaka?" Ndinamuyankha kuti una ukutiuza kuti muli china chake, koma kuti tidziwe mwini wake tiyenera kusalaza dothi la pakhomo n'kubweranso mawa. Kulowetsamo dzanja kapena ndodo ayi. Mauna otere amakhalanso njoka ndi njiri.

Zimene chipululu chenicheni chatiphunzitsa

Zambiri zimene zikudziwika za ngaka ya mtundu wathu zachokera kumalo ouma kuposa kuno. Ku Tswalu, malo otetezedwa a ku Kalahari m'dziko la South Africa, ofufuza a pa yunivesite ya Witwatersrand anaika tizipangizo toyeza kutentha m'matupi a nkumbakumba. Pa chilala cha mu 2013, nkumbakumba 5 mwa 6 zimene ankazitsatira zinafa. Sizinafe ndi ludzu kapena kutentha koma njala, chifukwa chilala chinachepetsa nyerere ndi chiswe. Zisanafe zinayamba kutuluka masana n'kumaothera dzuwa, popeza thupi linalibenso mphamvu zodzifunditsa usiku. Kafukufuku wa ngaka pamalo omwewo anapezanso kuti chakudya chikachepa m'nyengo yozizira, nazo zimayamba kudya dzuwa likadalipo.

Phunziro lake ndi lofunika kwa ife. Nyama ya usiku ikayamba kuoneka masana, musafulumire kunena kuti zachuluka. Mwina ili pa mavuto. Taonaninso unyolo wake: mvula ikachepa udzu umachepa, chiswe n'kuchepa, nkumbakumba n'kufa, ndiye palibe wokumba mauna amene ngaka, njiri ndi nyama zina zimabisalamo. Moto wolusa umene timayatsa posaka mbewa kapena posaka akalulu umadula unyolo womwewu, chifukwa umatentha udzu ndi masamba ouma amene chiswe chimadya.

Thupi lanu nalonso lili m'chilimwe

Munthu woyenda pa dzuwa la Okutobala akhoza kutaya pafupifupi lita imodzi ya madzi pa ola kudzera m'thukuta. Thukuta limaziziritsa thupi likamauma pakhungu, koma limachoka ndi madzi ndi mchere. Nyamulani malita osachepera awiri pa ulendo wa m'mawa, muzimwa pang'onopang'ono musanamve ludzu, ndipo musaiwale paketi ya Thanzi ORS. Mkodzo ukayamba kuda, kapena mnzanu akayamba kudandaula mutu ndi chizungulire, pitani pamthunzi ndipo ulendo uthere pomwepo.

Valani nsapato zotseka. Mphiri siithawa ikamva mapazi, imangokhala phee kudalira mtundu wake wofanana ndi masamba ouma. Ku Kasungu ndi ku Luangwa kuli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, ndipo imakopeka ndi zovala zabuluu ndi zakuda, choncho valani zakhaki kapena zotuwa. Kuti mudziwe kumene mphepo ikupita, ikani phulusa m'sokosi yakale n'kuigwedeza. Muziyenda mphepo ikukuombani kumaso, kuti fungo lanu lisakutsogolereni.

Za chilolezo musazipeputse. M'nkhalango yotetezedwa mumalowa mutapempha ku ofesi ya zankhalango. M'paki simuyenda pansi popanda msilikali wa paki wokhala ndi mfuti. Komanso kuno kumalire ndi kosavuta kuoloka kulowa m'Zambia osadziwa, ndiye muziyenda ndi munthu wodziwa njira.

Mukakumana nayo ngakayo

Kudzipinda kuja kumaiteteza kwa mkango, koma kwa munthu kumaipereka, chifukwa amangoinyamula n'kuiponya m'thumba. Mamba ake amagulitsidwa mozembetsa kupita ku Asia komwe ena amawayesa mankhwala, ngakhale kuti ndi keratin yemweyo wa m'zikhadabo zanu. Mu 2016, pa msonkhano wa CITES ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletseratu malonda a ngaka zamitundu yonse pakati pa mayiko. Mu 2017 Malawi anakhwimitsa lamulo la zanyama zakutchire, moti wopezeka ndi nyama yotetezedwa kwambiri ngati ngaka akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30.

Kuno kumalire nkhani imeneyi ikukukhudzani inuyo mwachindunji. Amene amatuma sanyamula okha. Amafuna mnyamata wa njinga kapena wa kabaza, kapena mwana wa sukulu amene apolisi sangamukayikire, n'kumulonjeza ndalama ya fizi. Womangidwa amakhala wonyamulayo. Wina akakupatsani thumba kuti muolotse koma sakufuna kuti muone za mkati, kanani.

Mukaiona m'tchire, isiyeni pomwepo. Musaigwire, musayese kuitambasula. Ngati mwajambula, musaike pa Facebook kapena pa WhatsApp ndi dzina la malo, ndipo kumbukirani kuti foni zambiri zimasunga malo enieni mkati mwa chithunzi. Uzani aphunzitsi, a zankhalango kapena a Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakutchire. Ngati ili m'manja mwa anthu, dziwitsani apolisi. Musaisunge kunyumba poganiza kuti mukuithandiza, chifukwa siidya china chilichonse koma nyerere ndi chiswe, ndipo imafooka msanga. Ngaka zolanditsidwa zimasamalidwa ndi madokotala a zanyama a bungwe la Lilongwe Wildlife Trust mogwirizana ndi boma, kenako zimabwezedwa kutchire.

Ntchito ya masabata awiri

Simufunika kamera kuti muyambe. Sankhani kanjira ka nyama m'mphepete mwa dambo kapena kumapeto kwa munda. Lambulani malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, thirani mchenga wosefa kapena dothi losalala, ndipo madzulo aliwonse muzisalaza ndi tsache. M'mawa dzuwa likungotuluka, jambulani pa pepala phazi lililonse, muyeze kutalika ndi kufupika kwake ndi rula, mulembe tsiku ndi mmene kunja kunachera. Tsiku limene simunapeze kanthu mulembenso, chifukwa ziro nayenso ndi yankho.

Pakatha masiku 14, werengani mausiku amene nyama iliyonse inaonekera n'kugawa ndi 14. Ngati kalulu waonekera mausiku 7, mwayi wake ndi 0.5. Ngati chombwe waonekera kamodzi, ndi pafupifupi 0.07. Tsopano yankhani funso ili m'kope mwanu: mukanatchera mausiku atatu okha, mwayi woti muphonye chombweyo ukanakhala wotani? Mukapeza yankho, mufananize ndi la anzanu a kumudzi wina, kenako mufunse agogo anu nyama zimene ankaziona pa dambo lomwelo ali anyamata kapena atsikana. Mayina amene iwo atchule koma m'kope mwanu mulibe, muwalembe pa tsamba lapadera, ndipo pambali pa lililonse muwerengere mausiku amene mungafunike musananene kuti inatha.